Mgolo wa Apongozi

Yobu Kadzuwa sankanena kuti ndi gadeniboyi. Ankati ali ku embase. Munthu akafunsitsa kuti ku embaseko amachita chiyani, iye ankayankha kuti amayang'anira mbali ya kunja, ndipo sikunali kunama: kapinga, maluwa ndi mpanda wa mitengo wa kunyumba ya kazembe wa dziko lina la ku Ulaya, ku Waterkloof mumzinda wa Pretoria, zonsezo zinalidi kunja. Anzake a ku Dedza okhala ku Mabopane anamupatsa dzina loti a Kazembe pofuna kumuseka, iye n'kumavomera ndi mtima wonse.

M'mawa umene anthu a zionetsero anabwera, Yobu anali pamakwerero akudulira mpanda. Zionetsero za ku Joni ankazidziwa, zimamveka usanazione. Izi zinali zachilendo. Anthuwo anali ochepa ndipo sankaimba. Anavala maovololo oyera, mphuno ndi pakamwa zili zophimba, akugubuduza mgolo wa buluu mumsewu wa majakaranda. Mgolowo unkalira chapansipansi ngati bingu la mvula imene idakali kutali. Atafika anauimika pakati penipeni pa geti, n'kukweza zikwangwani zoti eni zinyalala atenge zinyalala zawo.

Yobu anatsika pamakwerero mosafulumira, ngati munthu amene nkhani yafika patebulo pake. Alonda anali atatseka kale geti, choncho anayankhulira pazitsulo.

"Bwana kulibe. Mukhoza kuuza ine."

Mayi wina wamfupi, amene anzake ankamutchula kuti Dikeledi, anatsitsa chophimba pakamwa. Anayang'ana chisizasi chimene chinali m'manja mwa Yobu, kenako nsapato zake zamatope, n'kuona kuti munthu womvetsera ndi womvetsera basi.

"Chabwino, baba. Migolo ngati uwu inabwera pasitima ya pamadzi kuchokera kwawoko," anatero akuloza mbendera ya panyumba ya kazembeyo ndi chibwano. "Ankati ndi zipangizo za fakitale. Fakitaleyo palibe anaionapo. Migolo inakaunjikidwa papoloti ina ku Winterveld, kufupi ndi Mabopane, kampani n'kuzimiririka. Ndiye tawabweretsera umodzi, aone ngati angaukumbukire."

"Muli chiyani m'menemo?"

"Mulibe kanthu. Vuto lake ndi limenelo. Anthu ena anakhuthulira zam'katimo m'ngalande, migolo n'kugulitsa. M'ngalandemo udzu sukumeranso. Mbuzi za kumeneko zinayamba kuyenda mozungulirazungulira. Kenako ana anayamba kunjenjemera manja."

"Koma munthu atatsuka bwinobwino ndi sopo..."

"Poizoni wake amalowerera m'pulasitikimo, baba. Mungatsuke mpaka manja kusupuka."

Apo m'pamene Yobu anauyang'anitsitsa mgolowo. Chivundikiro chakuda, mkombero wachitsulo, ndipo m'mbali munali sitika yong'ambika theka, yojambulidwa nsomba itagona chagada pansi pa mtengo wopanda masamba. Chithunzi chimenecho anali atachionapo. Nthawi imeneyo anaganiza kuti ndi kampani yogulitsa nsomba.

Munthu wa ku Joni amadziwika ndi mgolo. Ndalama zimabwera pafoni mwakachetechete, anansi sadziwa. Koma mgolo umatsitsidwa pamsewu masanasana, n'kukwezedwa pangolo, ana n'kumauthamangira mpaka pakhomo. Khirisimasi yapitayo Yobu anagula wake, wa sitika yomweyo ya nsomba, kwa Twalha, transipota wa ku Mangochi amene amanyamula katundu wa anthu kuchokera ku Mabopane kupita kumudzi. Anadzazamo mpunga, shuga, mafuta ophikira, bulangeti ndi nsapato za mwana wake Pilira. Kunja analembako ndi penti yoyera, zilembo zikuluzikulu: Y. KADZUWA, PRETORIA. Zam'katimo zinali za mkazi wake Esnat ndi mwana. Koma mgolo weniweniwo analamula kuti ukaperekedwe kwa apongozi ake, aNambewe, kudzera mwa ankhoswe, a Geofrey, amene anali malume a Esnat.

Yobu anali mkamwini. Nyumba yake inali pamalo a apongozi akewo, ndipo chikwatirireni sanawayang'anepo m'maso kapena kuwayankhula mwachindunji. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'chimanga. Mgolowo unali mawu aatali kwambiri amene anawauzapo, ndipo aNambewe anawamva. Anachotsa mtsuko wawo wakale, n'kukhazika mgolo panjerwa m'nyumba, pamalo oti aliyense wolowa awerenge dzina la mkamwini. Madzi akumwa onse ankasungidwa m'menemo. Esnat ankakhalira kumsewu kugulitsa mbatatesi, ndiye Pilira akaweruka kusukulu ankaswera kwa agogo akewo, kudya komweko, kumwa komweko.

Anthu a zionetsero atapita, mgolo wawo unatsala pageti masiku angapo chifukwa panalibe wofuna kuukhudza. Mlembi wa kazembe anatuluka atamanga tayi n'kuuza atolankhani kuti nkhaniyi ikuunikidwa. Mawu amenewo anamusangalatsa Yobu, moti nayenso anayamba kuiunika nkhani yake. Ankaiunika akuthirira maluwa, ankaiunika m'takisi. Kenako kunabwera anthu ovala ngati akupita kumwezi, n'kuunyamula mgolo wa pageti uja ndi zopanira zazitali, osaugwira ndi manja. Yobu ataona zopanirazo anasiya kuunika. Lamlungu lotsatira, atatuluka m'tchalitchi, anapita kwa Twalha.

Bwalo la Twalha linali kuseri kwa renki ya matakisi, ndipo munali mafiriji, njinga, matiresi ndi zikwama za shangani zodikira ulendo. Pakona pamene pankakhala migolo panali mbee, patangotsala zidindo zozungulira padothi.

"A Kazembe," anatero Twalha osadzuka pakreti imene anakhalira. "Mwabwera ndi apolisi kapena mwabwera nokha?"

"Ndabwera pankhani ya mgolo."

"Aliyense akubwera pankhani ya mgolo. Khalani pansi, achimwene, mumwe tiyi. Musaope, madzi ake ndi a pampopi."

Twalha ananyamula ketulo. Mlomo wa ketuloyo unkagunda kapu, ngwe ngwe ngwe, ndipo tiyi wambiri anathera pansi. Iye anayang'ana dzanja lake ngati ndi la munthu wina amene wamuchititsa manyazi pamaso pa alendo, n'kulibisa m'khwapa.

"Ndinkaitsuka ndekha," anatero. "Wallahi, ndinkalowetsa mutu ndi mapewa m'katimo. Ndinkafuna makasitomala anga alandire zoyera. Amene anandigulitsa anati munali mankhwala ochapira. Ku kiliniki akuti ndichepetse tiyi."

"Ndiye inapita ingati?"

"Funsani kuti inapita kuti. Mangochi, Machinga, Balaka, Ntcheu, kwanu ku Dedza. Azimayi a maovololo aja akulimbana ndi yotsala ku Winterveld kuti ibwerere ku Ulaya. Sakudziwa kuti ina tinaitumiza kale ife, pa liwiro loposa boma. Kungoti tinalakwitsa dziko."

"Mwawaimbira eni ake?"

"Eish. Wina akuti ndikufuna ndiigulitsenso pamtengo wokwera. Wina akuti ndachita nsanje. Mayi wina ku Namwera wandiuza kuti madzi a mumgolomo amakoma kuposa a mumtsuko, amakhala ngati ali ndi kachitsulo." Twalha anamuyang'ana Yobu. "Wanu uli ndi ndani?"

"Apongozi."

Twalha anaimba kaluzu kotsitsa. "Inu a chikamwini muli ndi mavuto. Mukanangotumiza wailesi."

Yobu anaimbira Esnat masana omwewo, ataima pamthunzi wa khoma la siteshoni. Panjira anali atakonza mawu ake, ndipo anawanena ndi liwu la ku embase.

"Amake Pilira, pali kusintha pang'ono pankhani ya mgolo uja. Taona kuti ndi bwino uyambe waima kaye ntchito."

"Mwaona ndi ndani?"

"Akuluakulu kuno."

"Mgolo wa amayi?"

"Ndidzatumiza wina. Wobiriwira."

"Abambo a Pilira, mgolo umenewo munaupereka kudzera kwa amalume, anthu akuona. Amayi anaphika thobwa. Lero ndikawauze kuti uime ntchito ngati ndi mlonda? Tanenani chimene chachitika."

Yobu anayang'ana uku ndi uku kuopa kuti pangakhale wa ku Dedza pafupi, ndipo ananena zonse: sitima, ngalande, mbuzi, dzanja la Twalha. Kumbali inayo kunangomveka malole akudutsa pamsewu.

"Ndiye mukuti munawatumizira amayi poizoni," anatero Esnat pamapeto pake.

"Sindinadziwe."

"Ine ndamva. Koma mawu amenewo akatuluka pakamwa panga n'kulowa m'mudzi, sakafika ndi 'sindinadziwe' wanuyo. Akafika akuti mkamwini wa ku Joni anatumiza mankhwala kuti apongozi afe, atenge munda. Mukuwadziwa anthu a kuno. Ndipo amayi sangakhulupirire. Akuti chiyambire mgolowu m'mimba mwawo munasiya kuvuta."

"Nanga Pilira ali bwanji?"

"Ali bwino. Kungoti aphunzitsi akudandaula kuti wayamba kulemba ngati nkhuku yapalasa. Ulesi. Dzulo waswanso kapu." Liwu la Esnat linatsika. "Ndi zilonda za m'kamwa zija sizikupola."

Masabata otsatira anali a njira zachidule, ndipo zonse zinakathera pamalo amodzi. Esnat anayamba kumusiyira Pilira madzi m'botolo, koma aNambewe anafunsa ngati madzi a m'nyumba mwawo ayamba kununkha, n'kuthira a m'botolowo pa nkhuku. Esnat anayesa kupita naye mwana kumsewu, aNambewe n'kudzamutenga okha, akuti mdzukulu wawo si wokulira pa fumbi la malole. Kenako Yobu analamula, monga katswiri wa zida, kuti mgolowo ubooledwe mwakabisira. Esnat anauboola ndi msomali wamoto amayi ake ali kudimba. Tsiku lomwelo aNambewe anaitana wokhoma zidebe, amene anasungunula pulasitiki n'kumata bowolo mwaluso. Mmisiriyo anakhosomola mpaka kunyumba kwake, ndipo anthu anati ndi fodya.

Yobu anayesanso chinthu chimene sanachitepo. Anauza Esnat kuti aike foni pamkeka, pafupi ndi amayi ake, mawu azimveka panja. Anapereka moni wautali, wogwada, wofunsa za miyendo, za mbuzi ndi za mvula. ANambewe sanayankhe foniyo. Anayankhula ndi mwana wawo.

"Uwauze kuti tadzuka. Uwauzenso kuti mgolo wawo ukutisunga bwino, Mulungu awadalitse."

"Amayi, mgolo umenewo..." anayamba Yobu.

Kunamveka mkeka ukukhwekhwereza, kenako mapazi akutuluka. Mkamwini anali atawayankhula mwachindunji, ndipo mayi wolemekezeka sakhala pamalo otero.

"Atuluka," anatero Esnat. "Akuti Joni yakuonongani." Anapumira m'mwamba. "Lero Pilira walephera kumanga batani la yunifolomu. Ndamumangira ine."

Yobu anali m'kashedi kosungira zida, atakhalira thumba la manyowa. Panja makina othirira ankazungulira pakapinga, tsi tsi tsi.

"Ndibwere?" anafunsa.

"Mudzatani? Mudzalowa m'nyumba ya apongozi anu n'kuusenza? Anyamata a m'mudzi adzakugwirani musanafike pamsewu." Esnat anapitiriza monong'ona. "Pali njira imodzi imene katundu wa mkamwini amatulukira pakhomo tsiku lomwelo, popanda womuletsa. Mukuidziwa."

Ankaidziwa. Mkamwini akatuma mawu kwa ankhoswe oitanitsa katundu wake, palibe amafunsa tanthauzo lake. Ndiye kuti wapeza wina kumene aliko, ndipo banja latha.

"Tingadzakonze pambuyo pake," anatero Yobu.

"Amayi sabweza mawu. Mukudziwanso zimenezo."

"Nanga iwe?"

Aka kanali koyamba kumutchula kuti iwe chichokereni kumudzi.

"Aimbireni amalume," anatero Esnat. "Ine ndidzalira pamaso pa anthu. Musadzadabwe, sikudzakhala konamizira."

A Geofrey anasankha Loweruka masana, pakhonde la aNambewe, pamaso pa abale. Ku Waterkloof kunali phwando la kazembe tsiku limenelo, ndipo Yobu anapatsidwa ntchito yolozera alendo poimika magalimoto, atavala jekete yobwereka. Masiku ena akanajambulitsa n'kutumiza kumudzi. Foni italira anasiya galimoto ina ikubwerera chammbuyo yokha, n'kukaima kuseri kwa thanki ya madzi.

"A Kadzuwa," anatero a Geofrey ndi liwu la pabwalo. "Tasonkhana. Mawu anu aja ndawafikitsa, koma ndati mwina foni inadula, ndinamva theka. Ndiye munene nokha, onse amve. Mukuti mukufuna mgolo?"

"Eya, amalume."

"Mgolo umene munapereka ndi manja awiri."

"Womwewo."

"Mukudziwa kuti kuno sitisankhula katundu wa mkamwini. Wofuna chimodzi amatenga zonse. Njinga yanu ilipo, sutikesi ilipo, makasu awiri, ndi jekete ija munakwatira nayo. Ndifunsenso, poti ndinu munthu wa ku embase, mumadziwa kulemera kwa mawu. Mgolo ukhale, kapena zonse zituluke?"

Kuseri kwa mpanda alendo ankaseka, matambula akugundana. Yobu anamva kamwana kakukhosomola pafoni, chapatali, ndipo anakazindikira.

"Zonse zituluke," anatero.

Kunamveka kulira kwa Esnat, ndipo sikunalidi konamizira. Azimayi ena anayamba kuyankhula nthawi imodzi. Wina anati ankadziwa kale, amuna a ku Joni ndi choncho, amayamba ndi mphatso. Wina anafunsa ngati mkaziyo ndi Mzulu. Kenako onse anangoti zii, chifukwa aNambewe anali atayamba kuyankhula, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirireni ankayankhula ndi iye.

"Iwe Yobu. Ndinkakuyesa munthu. Ine sindingamwe madzi a munthu wotaya mwana wanga, ngakhale dontho. Mdzukulu wanganso sadzalawanso. Anyamata, tulutsani chinthucho."

Yobu anatseka maso. Anamva njerwa zikugwa, anyamata akubuula ndi kulemera, mgolo ukukhukhuluzika pakhomo. Anatsamira thanki. Zinali zitatheka. Analibenso nyumba, analibe munda, ndipo dzina lake la penti yoyera linali kugubuduzika pafumbi anthu akuona, koma zinali zitatheka.

"Ndi wodzaza, agogo," anatero mnyamata wina. "Titaye kuti?"

"Madzi satayidwa pachabe chilimwe chino. Kathireni kudimba, pa mpiru paja. Otsalawo mupatse mbuzi."

"Amalume," anatero Yobu. "Amalume, madziwo asathire pa ndiwo. Auzeni akumbe dzenje kutali ndi chitsime, ndipo mgolowo asaupereke kwa munthu, Twalha adzautenga. Amalume?"

"A Kadzuwa," anayankha a Geofrey mofatsa, "za pakhomo pano sizikukukhudzaninso. Mgolo wanu tikauika kwa a sukulu, muli malo. Aphunzitsi akhala akuusirira, akuti angamasungiremo madzi ophikira phala podikira galimoto yanuyo. Akuchitirani chifundo, muwathokoze."

Foni inaduka. Yobu anaimbanso, koma inangolira mpaka kusiya. Anaimbira Esnat, n'kupeza kuti foni yake yazimitsidwa, monga zimayenera kukhalira ndi mkazi amene wangosiyidwa kumene. Nambala ya mphunzitsi wamkulu analibe. Anaimbira Twalha.

"Galimoto inyamuka liti?"

"Ikadzaza, a Kazembe. Inshallah mwezi uno. Komanso ndikufunafuna dalaivala." Twalha anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu. "Chiwongolero chayamba kundipulumuka."

Mlembi wa kazembe anatulukira pakona ya thanki, tambula ili m'manja, nkhope itakwinyika. Anati alendo atsekerezana pageti, ndipo pakufunika munthu wodziwa ntchito. Yobu anaika foni m'thumba la jekete yobwereka ija n'kumutsatira. Ali m'njira anayamba kuwerenga mumtima anthu a ku Dedza amene angakhale ndi mbale wophunzitsa pasukulupo, ndipo aliyense amene anamukumbukira anali wa kuchikazi, m'bale wa Esnat.